Nthanga Zogona M'phulusa

Botolo lija linali labulauni, lofanana ndi aja a mankhwala a chifuwa koma lokulirapo. Pakamwa pake anatsekapo ndi chitsononkho, pamwamba n'kudonthezapo kandulo kuti mphepo isalowe. Nyumba iliyonse imene tinakhalamo ine ndi agogo, botololo ndilo linkayamba kulowa. Tikamasamuka, katundu yense ankakwera wilibala ya anyamata aganyu, koma ilo linkayenda m'manja mwa agogo, litakulungidwa m'chitenje chachikasu cha timbalame takuda. Ku Chinsapo linkakhala pamwamba pa khoma, pamene malata amakumana ndi njerwa. Ku Biwi linkagona m'sutikesi. Titafika ku Area 23, agogo analimangirira ndi chingwe kumtanda wa denga, ndipo ndikagona chagada pamphasa ndinkaliona likulendewera, likuzungulira pang'onopang'ono ngakhale popanda mphepo.

M'botolomo munali phulusa, m'phulusamo munali nthanga za maungu. Zinali za amayi anga.

Amayi sindiwakumbuka bwino. Anamwalira ndisanayambe sukulu, bambo atatsogola kale. Chimene chinanditsalira ndi zidutswa: zidendene zong'aluka zikuyenda patsogolo panga m'kanjira ka kumunda, fungo la utsi pamsana, dzanja lozizira pachipumi panga. Nkhope ayi. Agogo, mayi awo a amayi, anali atakhala kale m'tauni zaka zambiri. Anapita ku Ntcheu kumaliro, ndipo pobwerera anatengako zinthu ziwiri, ine ndi botolo.

Agogo sanali munthu wolankhula. Ankagulitsa makala a m'timajumbo m'mbali mwa msewu wopita ku Chipasula, ndipo tsiku lonse likhoza kutha atangonena mitengo ya makala basi. Inenso ndinatengera komweko. Anthu oyandikana nafe ankati m'nyumba mwathu ukhoza kumva nyerere ikutsokomola. Za amayi sankandiuza, inenso sindinkafunsa. Zochepa zimene ndinkadziwa ndinkazitola pamene agogo ankayankha anthu ena, ine ndili pambali ngati ndikutsuka mbale.

Umu ndi mmene ndinadziwira kuti maungu a m'botolomo sanali maungu wamba. Anali a khungu lotuwa ngati phulusa, a khosi lopindika, ndipo ukaphika ankauma m'kati ngati mbatata. Mbewuyo inachokera kwa amayi awo a agogo. Kumudzi inatha chaka china cha njala, pamene anthu anakazinga nthanga zonse n'kudya. Zotsala padziko lapansi, malinga ndi agogo, zinali zimene amayi anga anakolola chaka chawo chomaliza, akudwala kale, n'kuziyanika, n'kuzithira m'botolo.

Munthu akafunsa chifukwa chimene sankazibzalira, yankho linali limodzi: "Tilibe nthaka." Ndipo zinali zoona. Nyumba za lendi zimene tinkakhala, ukatuluka pakhomo phazi linkaponda pakhomo pa mnzako.

Ku Area 23 zinasintha. Nyumba yathu inali chipinda chimodzi pamdadada wa zipinda, ndipo kumapeto kwa mdadadawo kunali mpopi. Madzi otayika pampopi ankayenderera m'kamalo kena kopapatiza m'mbali mwa mpanda, nthaka yake yakuda, yosauma ngakhale m'chilimwe. Tsiku lina Loweruka m'mwezi wa Juni, ndili mu Sitandade 7, a landilodi anabwera kudzaona malo awo. Anaima pakamalo kaja atapisa manja m'matumba a jekete.

"Apa pakungomera udzudzu," anatero. "Wofuna kulima alime. Koma mwezi uno ukatha ndisadzapeze thengo, ndidzathirapo simenti."

Amayi a chipinda choyandikana ndi chathu, amene ankakazinga mandasi, anali atayamba kale kuyeza malowo ndi maso. Koma anali munthu waulemu wake ngakhale anali wapakamwa.

"Akulu pano ndi agogo," anatero. "Ayambe ndi iwo. Akakana, ine mpiru wanga uli kale m'mutu."

Madzulo a tsikulo, tikusankha nyemba pakhonde, ndinalankhula. Ndinachita kukonzekera mawuwo kuyambira masana.

"Agogo, nthaka ija yapezeka."

Agogo anapitiriza kupapasa nyemba m'lichero. Maso awo anali atayamba kuchita ng'ala, moti timiyala ankatipeza ndi zala. Kenako anati, "Ndamva."

Pamenepo ndi pamene ndinazindikira kuti agogo ankaopa. Nthanga zikakhala m'botolo, palibe amene akananena kuti zafa.

Amene anawakankha ndi amayi a mandasi aja. M'mawa mwake, tikuchapa pampopi, anafunsa kuti mbewuyo yakhala nthawi yaitali bwanji.

"Mwanayu anali asanagweluke ndi dzino limodzi lomwe," agogo anayankha.

"Eee! Agogo inu! Ndiye zinaekisipaya kalekale izo. Mbewu si ndolo zoti muzisunga m'sutikesi. Pitani mushopu mukagule paketi, zija zopaka mankhwala ofiira. Sabata imodzi, phuu, zamera."

"Maungu a m'paketi ndi madzi okhaokha. Ukaphika umachita kumwa ndi kapu."

"Chabwino, ndiye ziyeseni. Thirani zonse m'beseni la madzi. Zoyandama ndi mphwepwa, zomira ndi zamoyo. Nkhani yatha."

"Nthanga ikanyowa sibwereranso m'botolo," agogo anatero, akufinya malaya anga a sukulu mwamphamvu kuposa mmene ankafunikira. "Zonse m'madzi? Kuti zikakana ndidzatsale ndi beseni?"

Komabe tsiku lomwelo, dzuwa litakwera, anandiuza kuti ndikwere pampando ndimasule chingwe. Tinakhala pakhonde. Anakanda kandulo ija ndi chikhadabo, nazula chitsononkho. Munatuluka kafungo ka khitchini ya kumudzi, ka utsi wakale ndi udzu wa denga, ndipo kwa kanthawi ndinaiwala kuti tili m'tauni. Phokoso la makondakitala oitanira kumsewu linamveka ngati lili kutsidya la mtsinje.

Agogo anakhuthulira phulusa m'lichero n'kuyamba kupeta mofatsa. Zaka zonsezo ndinkaganiza kuti botolo ladzaza nthanga mpaka pakhosi. Phulusa litauluka, zimene zinatsala zinangokwana m'chikhatho chimodzi cha agogo. Zinali zotuwa, za m'mphepete mokhuthala, zopepuka ngati mapiko a ngumbi. Ndinatola imodzi. Ndinaganiza kuti iyi amayi anaikolopola m'dzungu ndi zala zawo, anaitsuka, anaitembenuza padzuwa. Chinali chinthu choyamba chimene ndinagwira ndikudziwa kuti iwonso anachigwira.

Agogo anapatulapo zochepa, zina anabwezera m'botolo pamodzi ndi phulusa la m'mbaula yathu. Kenako anang'amba kansalu pangodya ya chitenje chachikasu chija, nakanyowetsa, nakafinya, nakulungamo nthanga zija.

"Kunja kukuzizira," anatero. "Ukaziika pansi pa bedi zingogona. Kwathu mbewu yokayikitsa amaifungatira ngati dzira. Amaimanga m'chiuno, pakhungu penipeni, kuti imve kutentha kwa munthu."

Ndinayembekeza kuti amanga m'chiuno mwawo. Koma anandikoka pafupi, nakweza bulauzi yanga.

"Ine magazi anga anazizira. Sangadzutse kanthu. Uvale ndiwe."

Ndinapempha kuti tikulunge kansaluko m'kajumbo kuti kasandinyowetse. Anakana. Anati chinthu chamoyo sachitseka mphuno.

Motero ndinayamba kuyenda ndi nthanga za amayi pamimba panga, pansi pa mchombo pang'ono, zitamangidwa ndi mkuzi wansalu. M'mawa kansaluko kankazizira moti ndinkachita tsemwe, koma ndikafika pamsika wa Chipasula kankakhala katafunda, osamvekanso kuti ndi chinthu chachilendo. Masiku amenewo m'mawa kunkachita nkhungu. Anthu opita kuntchito ankaima m'mbali mwa msewu atakumbatira zikwama, ma minibasi akutuluka mu nkhungumo ndi magetsi oyaka n'kulowanso. Ine ndinkayenda pang'onopang'ono pakati pawo, ndikuopa kugundidwa ndi chigongono, ndikumva ngati ndanyamula madzi odzaza m'mbale.

Kusukulu ndinasiya fulaye, ndinasiya kudumpha chingwe. Pa buleki ndinkakhala padzuwa nditatsamira khoma, manja pamimba.

"Taonani agogo aang'ono," anzanga ankatero. "Msana wayamba kale? Tikugulireni ndodo?"

Tsiku lina madzi a kansalu anadutsa yunifolomu n'kupanga banga kutsogolo. Mtsikana wina wa pabenchi yathu analiona.

"Wakodza! Amwali akuluakulu awa akodza!"

Kalasi yonse inatembenuka. Aphunzitsi athu, mayi wamtali wa magalasi, anamenya tebulo ndi rula, nanditulutsa panja. Kuseri kwa kalasi anatsitsa mawu nayamba kundiuza mokoma kuti ndisachite mantha, zimenezi zimachitikira mtsikana aliyense akamakula, ndipo anafunsa ngati kunyumba kuli munthu wamkulu woti andilangize. Ndinangomasula mkuzi n'kuwaonetsa.

Anayang'ana nthangazo, anandiyang'ana ine, naseka mpaka anavula magalasi. Nditawauza kuti ndi za amayi anga amene anamwalira, anasiya kuseka. Anakulunga kansalu kaja okha, mosamala, nandimangiranso.

"Uzifinya kwambiri," anatero. "Zimafuna chinyezi, osati dziwe."

Kuyambira tsikulo sankanditumanso kukasesa kapena kukatunga madzi.

M'kalasi thupi linkakhalamo koma ine ndinali kwina. Ndinkamvetsera pamimba panga. Nthawi zina ndinkaona ngati china chagwedezeka, ndiye ndinkagwira mpweya kuti ndimve bwino. Aphunzitsi akamalemba masamu pabolodi, ine ndinkaona mphukira ikutuluka pakolala ya yunifolomu yanga, ikutsika pabenchi, ikuyanga pansi pakati pa mapazi a anzanga osavala nsapato, ikukwera pawindo losweka. Inkatuluka panja, kudutsa Kawale, kudutsa Biwi, n'kugwira msewu wa ku Dedza. Masamba ake ankaphimba ma minibasi. Inkapita ndithu osatopa, kukwera mapiri, mpaka kukafika pamunda wina ku Ntcheu umene sindinkaukumbuka, ndipo kumeneko munthu wina wowerama ndi khasu ankaiona ikubwera, n'kuweramuka. Nthawi zonse belu linkalira asanatembenuke.

Madzulo aliwonse agogo akabwera kumakala ankasamba m'manja kaye, kenako ankamasula kansalu. Ankanunkhiza. Ankapapasa nthanga imodziimodzi, makamaka kukamlomo kake kosongoka kumene muzu umatulukira.

"Ukuona chiyani?"

"Palibe, agogo."

"Yang'anitsitsa. Maso ndi ako."

"Palibe."

Ankanyowetsanso, kufinya, kumanga.

Sabata itadutsa, nthanga zina zinafewa. Agogo atadina imodzi, inatuluka madzi otuwa onunkha. Anazichotsa zofewazo, natsuka kansalu, nawonjezera zina za m'botolo pa zimene zinatsala. Zotsalazo sizinawole, koma sizinachitenso kanthu. Zinangotupa pang'ono n'kukhala duu, ngati munthu amene wamva kuitana koma watembenukira kukhoma. Ndinazinyamulanso. Khungu la pamimba panga linayamba kuyabwa n'kutuluka timatuza, koma sindinawauze agogo. Anatipeza okha ndi zala.

Mwezi unatha. M'mawa wa tsiku limene a landilodi ankayembekezeka, agogo anamasula mkuzi uja komaliza. Zina zinali zitawolanso. Anakhala nako kansalu m'manja nthawi yaitali, kenako anaitana kudzera pakhoma.

"Amayi a kuno! Limani mpiru wanu."

Amayi a mandasi anatulukira pakhomo, ufa uli m'manja. Ndinaona kuti anali ndi mawu okonzeka pakamwa, koma ataona nkhope ya agogo anawameza.

"Pepani agogo," anatero. "Ndiwo zake tizidzadya tonse."

Agogo anandipatsa kansalu kaja. "Kataye kudzala."

Dzala linali kuseri kwa bafa, dzenje lakale limene linali litadzaza mpaka kusanduka kachulu. Mdadada wonse unkataya kumeneko phulusa, makoko a mbatata, zinyalala za pabwalo ndi madzi otsukira mbale. Ndinaika kansaluko pambali, ndinakafotsera ndi phulusa pang'ono kuti nkhuku zisakaone. Pobwerera ndinkamva pamimba pozizira, popepuka, ngati ndaiwala kuvala chinachake.

Lamulungu lotsatira, titabwera kutchalitchi, agogo anandiuza kuti nditsitsenso botolo. Anapeta phulusa, nthanga zonse zotsala anazitsuka. Anaika chiwaya pambaula.

"Agogo, mukutani?"

"Amayi ako sanalimire botolo," anatero. "Analimira pakamwa. Mbewu ikafa sataya, amadya."

Anazikazinga, akuwaza timadzi tamchere. Zinayamba kuthetheka, zina kudumphira kunja kwa chiwaya, ine n'kumatola. Fungo lake linadzaza mdadada wonse. Tinakhala pakhonde, chiwaya pakati pathu, tikudya imodziimodzi osathamanga. M'kati zinali zoyera, zamafuta, zokoma. Amayi a mandasi, amene anali atatipula kale malo aja, anadutsa ndi khasu, agogo nawatapira pang'ono m'manja.

"Koma zinthu zoekisipayazi zikukoma bwanji," anatero akutafuna. Agogo anaseka pang'ono ndi m'mphuno.

Ine ndinasunga yomaliza m'kamwa nthawi yaitali osaitafuna, mpaka mchere wonse unatha. Kenako ndinameza. Botolo lopanda kanthu agogo analitsuka n'kuliika pawindo.

Masiku anapita. Mpiru wa amayi a mandasi unamera, mizere yobiriwira m'mbali mwa mpanda. Agogo ankadzuka, kupita kumakala, kubwera, kugona. Sanadandaule, koma ndinaona kuti akalowa m'nyumba sankakwezanso nkhope kuyang'ana kudenga monga ankachitira kale.

Ntchito yotaya phulusa la m'mbaula inali yanga. M'mawa wozizira dzala linkafuka nthunzi, ndipo ukayandikiza dzanja unkamva kufunda kochokera pansi, kwa zinthu zowolerana. Ndinkakonda kuimapo pang'ono ndisanapite kusukulu. M'mawa wina, nditakweza mbaula kuti ndikhuthule, ndinaona timasamba tiwiri tonenepa, tobiriwira, titatuluka m'phulusa. Kamodzi kanali kadakali ndi khoko la nthanga kunsonga, ngati mwana wovala chipewa cha bambo ake.

Poyamba sindinaganize kanthu. Padzala pamamera zambiri, tomato, mapapaya, maungu a anthu ena. Koma ndinagwada n'kupalasa phulusa ndi chala. Patsinde pake panali kansalu kachikasu. Kambalame kakuda kamodzi kankaonekabe. Tsindelo linali litaboola nsalu, ndipo mizu yoyera inali itailuka n'kulowa pansi.

Sindinathamange, sindinakuwe. Ndinapita kunyumba, ndinawapeza agogo akumanga duku, ndinawagwira dzanja. Sindinali nditawagwirapo dzanja chotero, choncho anangonditsatira osafunsa. Padzala ndinawagwaditsa n'kutsogolera zala zawo. Anapapasa timasamba, anatsika ndi tsinde, anafika pansalu. Anaitikita pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala.

Kenako anaika dzanja lina pamimba pawo.

"Mwana iwe," anatero. "Tadya zamoyo."

Ndinaganiza kuti alira. Mapewa awo anayamba kugwedezeka, koma chimene chinatuluka chinali kuseka, kuseka kwa misozi, kumene sindinali nditakumvapo. Amayi a mandasi anabwera akuthamanga, chipande chili m'manja, poganiza kuti agogo agwa.

"Sizinafe," agogo anawauza. "Zinali m'tulo. Nkhalamba sidzuka ndi tambala woyamba, ine ndimadziwa bwino zimenezo, koma ndinaiwala. Tazikazinga, amayi. Inunso munadya nawo."

"Mayo ine! Ndiye zimera m'mimbamu?"

"Zikamera mudzatipatseko nkhwani."

Kuyambira tsikulo mbewu yonse ya amayi, ya agogo, ya amayi awo a agogo, inali kamtengo kamodzi padzala la anthu a lendi. Kukazula kuti tikabzale pabwino agogo anakana, anati dzungu silikonda kusamuka ngati ife. Tinakavundikira ndi dengu lobooka pansi, kuzungulira tinaika minga. Nkhuku za a landilodi zinkazungulira dengulo ngati apolisi. Madzi otsukuluzira mbale, opanda sopo, ndinkasunga m'chitini n'kukathirira m'mawa ndi madzulo.

Loweruka lina a landilodi anabwera ndi mnyamata wa fosholo kuti akwirire dzala n'kukumba lina. Agogo anaimirira patsogolo pa dengu. Analankhula mawu ambiri kuposa amene ndinawamvapo chaka chonse. Anafotokoza za khosi lopindika, za chaka cha njala, za mwana wawo. A landilodi ankangosuntha miyendo.

"Amama, ndiye ndisiye dzala lodzaza chifukwa cha dzungu limodzi?"

"Kumbani lina uko. Ili lili ndi mwini wake."

"Lendi yake azilipira ndani?"

"Lidzalipira lokha likabereka."

A landilodi anaseka napita kukaloza mnyamata uja malo ena.

Kunja kutayamba kufunda, dzungu linatuluka m'dengu n'kuyamba kuyanga. Linatsika padzala, linagwira mpanda wa bafa ndi timanja take topotana, linakwera. Masamba anakula ngati mbale, a timizere toyera. Nkhwani wotere m'chilimwe, anthu a mdadada ankameza malovu podutsa, koma agogo analetsa. Ngakhale tsamba limodzi. Ifenso tinkadya mpiru wa amayi a mandasi, nkhwani tikuuyang'ana.

Maluwa oyamba anali aamuna okhaokha. Ankatseguka m'mawa, achikasu ngati moto, pofika masana afota, mawa lake agwa. Agogo ankawatola pansi n'kuwapapasa kutsinde, kufunafuna kotupa. Kenako linabwera duwa lina lokhala ndi kampira kumbuyo.

"Usaloze ndi chala," agogo anandichenjeza. "Dzungu laling'ono ukaliloza limachita manyazi n'kugwa. Ukafuna kuonetsa munthu, loza ndi mlomo."

Lamulo limeneli linafalikira mdadada wonse. Ana ankabwera kudzaona atabisa manja kumbuyo, milomo ili chutuchutu. Amayi a mandasi, amene ankati sakhulupirira zachikale, ndinawamva akukalipira munthu wodzagula mandasi: "Bambo, chala chimenecho m'thumba!" Komabe kadzungu koyamba kanachita chikasu n'kugwa. Agogo anati alipo analoza. Amayi a mandasi anati ndi njuchi zimene zinachedwa. Sanagwirizane, ndipo ine ndinakakwirira kadzunguko padzala pomwepo.

Kachiwiri kanagwira mvula yoyamba itagwa. Kanali pansi, kuseri kwa bafa, pamthunzi wa masamba. Kanayamba ngati dzira, kenako kanatalika, kenako mbali ya kutsinde inayamba kupindika. Agogo anapota nkhata ya udzu naika pansi pa dzungulo kuti chinyezi chisaliwoletse. Ndikabwera kusukulu ndinkakhala pambali pake ndi buku losatsegula. Mvula ikadutsa, madontho ankatsetsereka pamasamba n'kugwera pakhungu lake, ndipo tsiku ndi tsiku kubiriwira kunkachoka, kutuwa kukubwera, ngati wina akuliwaza phulusa ine ndikachokapo. Nthawi zina ndinkaliuza zinthu za kusukulu, chamumtima. Atatsimikiza kuti lagwiradi, agogo anathyola nkhwani woyamba, nausadzula pakhonde pang'onopang'ono, nagawira khomo lililonse.

Dzungulo tinalidula tsinde litauma ngati chingwe. Agogo analinyamula okha mpaka pakhonde, analiika pamiyendo, nayendetsa manja awo onse awiri kuyambira kumimba kwake mpaka kukhosi lopindika lija, kubwerera, kupitanso. Analigogoda ndi chala namvetsera.

"Ndi lomweli," anatero.

Mpeni unavuta kulowa. Litang'ambika, m'kati munali mofiirira, ndipo nthanga zinali zodzaza, zonenepa, za m'mphepete mokhuthala. Ndinazikolopola ndi zala zanga, ndinazitsuka, ndinaziyala palichero. Kenako ndinapita pawindo kukatenga botolo.

"Bwezera pomwepo," agogo anatero. "Zikauma, zina ndi za amayi a kuno, zina upite nazo kwa aphunzitsi ako aja, zina a landilodi lendi yawo. Zathu tibzala mvula isanathe. Zogona zakwana."

Amayi a mandasi, amene anali atakhala kale pakhonde kudikira, anati, "Zanga ndibzala mawa, agogo. Sindifuna kudzadyanso zamoyo."

Dzungulo tinaliphika masana omwewo, m'madzi ochepa, lovundikira ndi masamba ake. Linauma m'kati ngati mbatata, monga ankanenera. Ndinatenga chidutswa changa n'kuyamba kuchotsa khoko ndi chikhadabo. Agogo anamva kukanda kwanga, natembenuzira nkhope kwa ine.

"Amayi ako ankadya ndi khoko lomwe," anatero. "Ndinkawakalipira, osamva. Ankati kukoma kuli kukhungu."

Aka kanali koyamba kundiuza mmene amayi analili, ine osabisala kuseri kwa mbale. Ndinasiya kusenda. Ndinaluma ndi khoko lomwe, ndipo agogo, akutafuna pang'onopang'ono, anayamba kundiuza china.